Folomina Akana Mavesi

Khoma la pakati pa chipinda cha Esinati ndi cha a Kwenda silinafike kudenga. Mwini nyumba za mdadada zija ku Chinsapo njerwa zinamuthera, ndiye pamwamba panatsala mpata woti mphaka n'kudutsa osawerama. Kumeneko ukayetsemula, wonena kuti pepani amakhala wa nyumba ina. Choncho musamunene Esinati kuti ndi wa makutu aatali. Lachinayi lija m'mawa iye ankangosambitsa mwana wake Dala m'beseni, mkangano n'kumupeza wokha.

"Mwamubwezeranso." Awa anali mawu a Nachisale, mkazi wa a Kwenda.

"Ndabwezera ndani?"

"Musandiyese mwana, a Kwenda. Dzulo ndinamuchotsa ndi chala changachi. Lero ali pomwe paja, pamwamba penipeni. Kachitatu tsopano."

"Foniyo imagona kumutu kwako, Nachisale. Ine ndimaigwira nthawi yanji? Iwe undiuze kumene waika nsapato yanga."

"Nsapato yanu ndiidya?"

"Ya kumanzere. Tsiku lililonse ya kumanzere."

Kunamveka mbale ikutsitsidwa mwamphamvu. Kenako Nachisale anayankhula chapansipansi, ndipo Esinati anasiya kuthira madzi kuti amve bwino.

"Ali moyo ndinapirira. Tsopano ndizipikisana naye ali m'manda? Ngati mtima wanu unatsikira naye limodzi, ingonenani. Loweruka ndikukwera basi, ndikupita kwathu ku Nathenje. Mukhale naye Folomina wanuyo."

Chitseko chinatseguka, ndipo Esinati anaona a Kwenda akudutsa pawindo, ulendo wa kumsika kumene ankasoka zovala pakhonde la golosale. Phazi lina anavala nsapato, lina patapata.

Esinati anayambanso kuthira madzi, sopo atauma kale pamsana pa mwana. Nkhaniyi inkamukhudza, chifukwa amene anaphunzitsa Nachisale kugawa anthu a mu foni m'magulu anali iye mwini.

Banja lija linali ndi foni imodzi. Chaka chatha Nachisale anaona chithunzi cha mbuzi yovala buluku, anaseka mpaka misozi, n'kuchitumiza kwa aliyense amene anali mu fonimo. Chinafika kwa apongozi ake. Chinafikanso kwa mkulu wa mpingo, amene anayankha kuti, "Mayi, kunyumbako zili bwino?" Nachisale anatha sabata ziwiri osaponda kutchalitchi. Apa ndi pamene Esinati anamukhazika pamkeka n'kumuuza kuti anthu a mu foni ali ngati zovala pochapa: zoyera paokha, zosuluka paokha. Anapanga magulu atatu. Loyamba analitcha Olemekezeka, la apongozi, akulu a mpingo ndi amalume; amenewa ankalandira vesi m'mawa uliwonse, basi. Lachiwiri linali la Osoketsa, makasitomala a a Kwenda. Lachitatu analitcha Amisala, ndipo lamulo lake linali limodzi: muno mulibe kudandaula, mulibe ndale, mulibe uthenga wa maliro. Wobwera ndi nkhope yakugwa akagwere kwina.

Mfumukazi ya Amisala inali Folomina.

Folomina anali msuweni wa a Kwenda, mwana wa amalume awo. Inu mukudziwa za chisuweni: msuweni saopedwa. Mumanyozana, mumalandana zinthu, mumaitanana kuti mwamuna wanga, mkazi wanga, popanda wopsa mtima. Koma Folomina chisuweni chakecho ankachithira tsabola. Ankagulitsa mtedza wokazinga pasiteji, ndipo akaweruka ankatulukira ndi beseni pamutu, osagogoda, akukuwa ali panjira: "Mwamuna wanga wa miyendo ya udzudzu uja alipo?" Akaona Nachisale ankamutcha mkazi wamng'ono. Ankavundukula poto, n'kutola nthuli yaikulu, n'kudandaula kuti mchere wachepa. A Kwenda, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, akakhala ndi Folomina ankaseka mpaka kugwira khoma. Nachisale nayenso ankaseka, koma Esinati, amene maso ake saphonya, ankaona kuti kuseka kwake kumathera m'mano.

Mwezi wa Febuluwale malungo anamutenga Folomina m'masiku anayi okha.

Atabwerako ku maliro, a Kwenda anasiya kuseka. Ankapita kukasoka, n'kubwera, n'kudya, n'kugona. Nachisale anaona dzina la malemu likadali pakati pa Amisala, pamene tsiku ndi tsiku pankagwa zithunzi za agalu ovala zipewa, ndipo anati si bwino. Kulifufuta dzanja linamulemera. Anafunsa Esinati, ndipo Esinati, osaganiza kawiri, anati, "Womwalira ndi wamkulu. Muikeni kwa Olemekezeka." Kuyambira tsiku limenelo nambala ya Folomina inkalandira vesi m'mawa uliwonse, limodzi ndi apongozi ndi mkulu wa mpingo.

Panatha sabata zitatu kuli zii. Kenako tinthu tinayamba.

Choyamba inali nsapato ija. Tsiku lina inapezeka mu ndowa ya madzi. Tsiku lina padenga la bafa. Tsiku lina inapachikidwa ndi zingwe zake pa nthambi ya papaya, pamwamba poti munthu sangafike popanda makwerero. Tepi yoyezera ya a Kwenda inapezeka itamangidwa mfundo zisanu ndi ziwiri. Ndiwo zimene Nachisale wathira mchere bwinobwino zinkafika pambale zili zosakolera, ndipo nthuli yaikulu, imene iye anaiona ndi maso ake akuphika, sinkapezeka. Kenako dzina lija linayamba kuyenda. Madzulo lili kwa Olemekezeka, m'mawa lili kwa Amisala, pamwamba pa onse.

Zonsezi Esinati ankangozimva kudzera pakhoma, ndipo ankati ndi za m'banja, mwina wina akuchita dala. Koma Lachinayi lomwelo masana zinamufika yekha.

Dzuwa linali paliwombo. Nachisale anali atapita kuchigayo. Esinati anamuona akutseka loko, kiyi n'kumangirira pa chitenje. Mdadada wonse unali chete, nkhuku zitabisala pansi pa ngolo yakale. Esinati anakhala pansi akusankha nyemba, Dala atamugoneka chagada pamkeka. Mwadzidzidzi mwanayo anaseka. Sikunali kumwetulira kwa khanda lokhuta ayi, kunali kuseka kwenikweni, kwa mwana amene wina akumusewera. Anasiya, n'kudikira, maso ali tong'o, kenako anasekanso akuponya timiyendo.

Esinati anatsata maso a mwanayo. Ankayang'ana pa mpata uja wa pamwamba pa khoma.

Panalibe kanthu. Mdima wa chipinda cha eni, ndi ulusi wa kangaude ukugwedezeka pang'ono, ngakhale kunalibe mphepo.

Ndiye kunabwera fungo. Mtedza wokazinga, wamchere, wongochoka kumene pachiwaya. Linatsika kuchokera pa mpata paja n'kudzaza chipinda chonse. Kuseri kwa khoma kunamveka chivundikiro cha poto chikusunthidwa pang'onopang'ono, ngwe, n'kubwezedwa. Kenako kamawu, kapena kupuma chabe, ngati munthu amene watseka pakamwa ndi dzanja kuti kuseka kusatuluke.

"Nachisale?" Esinati anaitana.

Zii.

Ananyamula mwana n'kutuluka. Loko anali pachitseko cha a Kwenda, wotseka monga anamusiyira mwini wake. Esinati anakakhala pansi pa papaya mpaka anthu anayamba kubwerera, nyemba zake nkhuku zikudya m'nyumba.

Sanauze munthu. Auze ndani, kuti chiyani? Kuti mwana waseka?

Madzulo ake, dzuwa litangolowa koma kukuonekabe, anabereka Dala n'kupita kukagula makala kumsewu. Pobwerera anadzera kanjira ka kuseri kwa sukulu, kamene kamadutsa pa kamlatho ka ngalande. Pa kamlathopo panakhala mayi wina, beseni lili pambali, chitenje atafunda kumutu ngati wozizidwa. Anakhala chofulatira, miyendo ikulendewera ku ngalande. Esinati anapereka moni monga mwa mwambo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Taswera, mayi a Dala."

Esinati anachepetsa liwiro. Mawuwo anali achilendo koma osati achilendo kwenikweni, ngati nyimbo imene ukuimvera kutali mphepo ikuidula.

"Ndifunse nawo," anatero mayi uja osatembenuka. "Kodi mwamuna wanga uja anakhala m'busa liti?"

"Amuna anu ati, mayi?"

"Mavesi, mavesi, mavesi. M'mawa uliwonse. Kundikhazika pakati pa madoda a majekete, ine. Ndinawalakwira chiyani anthu amenewa?"

Kumsana Dala anayamba kudumphadumpha, akuseka, akutambasula manja kwa mayiyo. Miyendo ya Esinati inayenda yokha. Atafika pa ngodya ya mpanda wa sukulu mtima unamukakamiza kucheuka. Pa kamlatho panalibe munthu, panalibe beseni. Kanjirako n'kowongoka, mbali zonse mipanda, kopanda pokhotera. Anaona makoko a mtedza okha, kamulu, pamalo pamene munthu anakhala.

Makala anafika kunyumba theka, ena anatayikira m'njira.

Kutacha Lachisanu, Esinati anamva kuseri kwa khoma phokoso limene mkazi aliyense amalidziwa: mbale zikusanjidwa m'chitenje, sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anazengereza mpaka chakumasana. Kenako anadziuza kuti amene anamanga mfundo ndiye amadziwa pomasulira, ndipo anakagogoda.

"Odi, anzanga."

"Lowani, mayi a Dala. Mwabwera kudzatsanzika?"

Nachisale anali atakhala pa mtolo wa katundu, maso ofiira. Pa mbaula panali poto wa futali. "Ndawaphikira komaliza," anatero ataona Esinati akuyang'ana. "Asadzati ndinawasiya ndi njala."

"Tabwerekeni foni ija."

"Mukaonemo chiyani? Alimo. Wabwereranso."

Esinati sukulu analekeza Sitandade 6, koma foni ankaidziwa ngati khitchini yake. Anatsegula pa dzina la Folomina n'kuyamba kukwera m'mwamba, uthenga ndi uthenga. Inu mukudziwa timizere tija ta pambali pa uthenga: kamodzi ndiye kuti wanyamuka, tiwiri wafika, tikasanduka tabuluu ndiye kuti mwini wake watsegula. Mavesi onse anali ndi timizere tiwiri totuwa. Anafika, koma sanatsegulidwe, ngakhale limodzi. Koma pakatipakati panali zithunzi zitatu zoseketsa, za masiku amene dzina linabwerera kwa Amisala Nachisale n'kutumiza asanazindikire. Zitatu zonsezo timizere take tinali tabuluu.

"Foni ya malemu ili ndi ndani?" anafunsa Esinati.

"Ili m'sutikesi ya amayi ake ku Dowa. Inafa kalekale, inagwera m'madzi pa maliro pomwe."

Anayang'anana. Esinati anamuonetsa timizere tija, kenako anamufotokozera za mwana, za poto, za mayi wa pa kamlatho. Atafika pa mawu oti madoda a majekete, Nachisale anagwira pakamwa.

"Ndi iyeyo. Ndi mmene ankawatchulira akulu a mpingo." Anayang'ana kudenga, n'kusendera pafupi ndi mnzake. "Ndiye a Kwenda sankanama."

"Sankanama. Ndipo wolakwa ndine, anzanga. Ndinati womwalira ndi wamkulu, n'kuiwala kuti uyu ndi msuweni. Kwathu ku Mchinji msuweni akamwalira, asuweni anzake amafika pamaliro akumunena kuti wathawa ntchito ya kumunda, anamfedwa n'kuseka misozi ili m'masaya. Msuweni ukamupatsa ulemu ndiye kuti wamukana. Ife tamulemekeza mwezi wathunthu."

Pakhomo panamveka kuyenda kosiyana, kwa nsapato ndi patapata. A Kwenda analowa, n'kuona mtolo wa katundu, nkhope yawo n'kugwa. Esinati anagwada pang'ono n'kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Iwo anamvetsera ali chiimire, foni ili m'manja mwawo, akuyang'ana timizere tabuluu tija nthawi yaitali.

"Ndiye mukuti nditani, mayi a Dala?"

"Mumunyoze, bambo. Mujambule mawu, mumutumizire. Monga munkachitira."

"Ndinyoze munthu ali m'manda?"

"Si munthu wamba. Ndi msuweni wanu."

A Kwenda anakhala pa mpando wawo wa nsungwi, n'kupukusa mutu. "Simukudziwa inu. Ali kuchipatala, tsiku lachitatu, ananditumizira mawu. Anati, mwamuna wanji iwe wosabwera kudzaona mkazi wako, ukuopa kuti anamwino akuyesa udzudzu akupopera mankhwala? Mawu ake anali ofooka, ine ndinachita mantha. Ndinamulembera kuti, mlongo, limbani mtima, tikukupemphererani." "Chibadwire sindinamutchulepo mlongo. Sindinamuuzepo kuti inu. Anawerenga, sanayankhe. M'mawa mwake anapita. Anadziwira kwa ine kuti akufa."

Nachisale ankayang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanati ndikulira mkazi wanga wamkulu."

Nachisale anaweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya chitenje. "Nanenso ndinene. Pomuika kwa Olemekezeka paja, si ulemu wokha ayi. Mumtima ndinati, eya, tsopano ukhale pakati pa akuluakulu, utseke pakamwa." Anapukuta mphuno. "Koma nyumba ino chitsekereni pakamwa iyeyo, ngati mosungira mitembo. Bweretsani foniyo."

Anailanda m'manja mwa mwamuna wake, n'kudina pojambulira mawu.

"Folomina. Ndine mkazi wamng'ono." Anatsokomola. "Iwe mkazi wopanda manyazi, ngakhale kumwalira sikunakuphunzitse kugogoda? Nthuli zanga ukumadya ndi mano ati? Kumeneko anakuthamangitsa eti, atopa nawe kale?"

Anasendeza foni kukamwa kwa a Kwenda, chala chikadali podina. Iwo anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Nachisale anawagunda ndi chigongono.

"Folo," anayamba, mawu akuthothoka. "Folo, iwe... mphuno ngati chitseko cha khola."

"Onjezani," ananong'oneza Esinati.

"Mtedza wako unali wopserera, tinkangogula chifukwa cha chisoni. Unathawa dala nthawi yopalira, waulesi iwe, kuyambira uli mwana ukaona khasu mutu unkakupweteka. Ndipo nsapato imodzi ukupita nayo kuti? Kumeneko mukuyenda chodumpha?" Apa kuseka kunawatulukira mwadzidzidzi ngati chitsekero cha botolo, kosakanikirana ndi kulira, mapewa akugwedezeka. "Mfiti iwe. Wandisiyira ndani wondinyoza?"

Nachisale anachotsa chala. Uthenga unanyamuka.

Mitu itatu inaunjikana pa foni. Kamzere kamodzi. Panja mwana wina ankaitana mnzake, patali wailesi ikuimba. Timizere tiwiri, totuwa. Dala, amene anali kumsana kwa mayi ake, anasiya kuyamwa chala n'kutembenukira ku ngodya ya kuseri kwa chitseko.

Timizere tinasanduka tabuluu.

Pansi pa dzina la Folomina panatuluka timawu tija tosonyeza kuti munthu akulemba. Tinaoneka, tinazima. Tinaonekanso, nthawi yaitali, ngati munthu amene ali ndi zambiri zoti abweze koma kuseka kukumulepheretsa. Kenako tinazimiratu, ndipo palibe uthenga unafika.

Koma nsalu ya pakhomo inafufuma n'kutulukira panja, monga imachitira munthu wonyamula katundu pamutu akawerama kuti adutse. Kunja masamba a papaya anali duu, osagwedezeka. Dala anatukula kadzanja n'kukatsegula, kukatseka, kukatsegula, monga anamuphunzitsira mayi ake potsanzika alendo.

Woyamba kuyankhula anali Nachisale.

"Dzinali likhale kwa Amisala. Wolichotsa adzaona."

"Ndipo mbuzi ya buluku ija ukaipeza umutumizire," anatero a Kwenda akupukuta m'maso ndi kolala. "Ankati ikufanana ndi ine."

"Sankanama."

Esinati anaimirira kuti azipita. Nachisale anati adye nawo, koma iye anakana, anati wasiya madzi pamoto, ngakhale moto anali asanakoleze n'komwe. Ali pakhomo anacheuka. Nachisale anali atagwada pa mtolo uja akulimbana ndi mfundo, chifukwa mbale zonse anali atamangira m'katimo. Anasolola ziwiri, n'kupakula futali, n'kuwathirira amuna ake madzi osamba m'manja. A Kwenda anatsika pampando n'kukhala pamkeka, maso ali pa sutikesi.

"Nanga za mawa, Nachisale? Basi ija?"

"Mawa ndikuchapa. Senderani kuno, futali akuzizira."